Mabuku akale a azamba a ku France: chinsinsi chinapha, kuphunzitsana kunapulumutsa

Ambiri mwa inu amene mumakhala ku Wigston mumadutsa mu msewu wa Long Street popita kokwera basi ya kuntchito, osadziwa kuti mumsewumo muli nyumba yosungira zolemba zakale za Leicestershire, Leicester ndi Rutland. Mmenemo muli makaundula a mipingo olembamo obatizidwa, okwatirana ndi oikidwa m'manda. Ku England kuno makaundula otere anayamba mu 1538, ndipo sizachilendo kupeza dzina la khanda pa ubatizo, kenaka la mayi ake pa maliro patangopita masiku owerengeka.

Imfa zoterezi ndi zimene zinachititsa madokotala ndi azamba a ku France kuyamba kulemba mabuku a uchembere. Lero mabukuwo ndi chuma. Pali anthu amene ntchito yawo n'kuwasaka m'misika ya zinthu zakale ndi kuwasonkhanitsa.

Wogula akaligwira buku lotere sathamangira kulipira. Amayamba waona ngati lili losindikizidwa koyamba, ngati chikuto chake chachikopa ndi chomwe chija, ndiponso ngati zithunzi zonse zilimo, poti ena ankazidula n'kukagulitsa pazokha. Dzina la mwini wake wakale likapezeka patsamba loyamba, mtengo ukhoza kukwera.

Limodzi mwa mabuku ofunidwa kwambiri ndi la Louise Bourgeois, mzamba wa mfumukazi Marie de' Medici, lomwe linatuluka mu 1609. Panthawiyo zinali zachilendo kuti mayi alembe yekha buku la ntchito ya uzamba. Lina ndi la François Mauriceau wa ku Paris, la mu 1668, lokamba za matenda a amayi oyembekezera ndi ongochira kumene. Dzina la bambo ameneyu silinafe. Mwana akatsogoza matako kapena miyendo pobadwa, njira ina imene azamba amaphunzira yotulutsira mutu imatchedwabe Mauriceau-Smellie-Veit.

Koma nkhani ya Mauriceau ili ndi pena powawa. Mu 1569 banja la Chamberlen linathawa ku France chifukwa cha nkhondo za zipembedzo n'kudzakhala ku England. Linali lothawa kwawo, lofuna poyambira moyo. Ana a banjali anapanga chipangizo chachitsulo chopanira mutu wa mwana amene wakanirira m'njira. M'malo mouza anzawo, anachibisa kwa zaka zoposa 100 kuti ndalama zizibwera kwa iwo okha. Akuti ankafika nacho m'chibokosi, n'kumumanga mayiyo kumaso kuti asaone kanthu.

Mu 1670 Hugh Chamberlen anapita ku Paris kukagulitsa chinsinsicho. Mauriceau anati ayambe waonetsa luso lake pa mayi wina amene chiuno chake chinali chopapatiza kwambiri. Hugh analimbana nazo maola atatu koma zinakanika, ndipo mayiyo ndi mwana wake anamwalira. Malonda anathera pomwepo. Atabwerera, anamasulira buku la Mauriceau m'Chingerezi, komabe za chipangizo chija sanaulule. Zipangizo za banjali zinadzapezeka mu 1813, zitabisidwa pansi pa matabwa m'nyumba ya Woodham Mortimer Hall ku Essex. Ndi amayi angati akanachira bwino akanakhala kuti anthuwa sanaumire?

Angélique du Coudray anachita zosiyana. Mu 1759 anatulutsa kabuku kachidule m'mawu osavuta, ndipo mfumu Louis XV inamutuma kukaphunzitsa amayi a kumidzi. Poona kuti ambiri sankadziwa kuwerenga, anasoka chidole chansalu ndi chikopa chofanana ndi chiuno cha mayi, chokhala ndi kamwana ndi mchombo wake, kuti ophunzira aziyeserera ndi manja. Anayenda chigawo ndi chigawo mpaka mu 1783, ndipo anaphunzitsa anthu masauzande. Chidole chimodzi chikusungidwabe mumzinda wa Rouen.

Sikuti mpaka mukhale mpondamatiki kuti muone mabuku amenewa. Laibulale ya Wellcome Collection pa Euston Road ku London ndi yaulere, ndipo mabuku ambiri akale inawaika pa intaneti. Mwana wanu amene akulota zodzakhala namwino angathe kuona zithunzi zake pafoni.

Nanga ifeyo titolepo chiyani? Zimene a Chamberlen ankabisa m'bokosi lero zili poyera, koma kubisa kunasamukira kwathu. Alipo amayi amene amabisa pakati mpaka miyezi isanu, ena potsata mwambo wakumudzi, ena poopa kapitawo wa pafamu, enanso poopa kufunsidwa mapepala.

Amayi, sikelo ya kuno imafunika kuyamba pakati pasanakwane masabata 10. Mungathe kulembetsa kwa GP popanda kuonetsa umboni wa malo okhala kapena viza. Ku Leicester amachiritsa ku Leicester Royal Infirmary, chipatala chomwe chinatsegulidwa mu 1771, komanso ku Leicester General Hospital. Chingerezi chikamavuta, pemphani womasulira, simulipira. Ena amalandira bilu malinga ndi viza yawo, koma malamulo a NHS salola kukaniza kapena kuchedwetsa chithandizo cha mayi woyembekezera chifukwa choti sanalipire. Bungwe la Maternity Action limapereka uphungu pa mabilu amenewa komanso pa ufulu wanu kuntchito.

Nanunso abambo, musamangoti n'za azimayi. Aperekezeni kusikelo, mukamve nokha zizindikiro zoopsa monga kutaya magazi, mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja, kapena mwana kuchepetsa kusewera m'mimba. Zikachitika, imbirani azamba nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.