Kompyuta Yatsopano, Uthenga Wocedwa: Kodi Cilema Cili Pati?

M'maofesi a Boma, m'zipatala ndi m'masukulu ambiri a m'dziko lino, nchito imene kale inali kucitika ndi colembera ndi kaundula tsopano ili kucitika pa kompyuta. Mlimi wofuna fetereza ndi mbeu za FISP ayenera kupezeka dzina lake m'makina, maka-maka kuyambira m'nyengo ya ulimi ya 2015/2016 pamene njira ya e-voucher inayamba kuyesedwa. M'makiliniki ambiri mbiri ya wodwala isungidwa mu SmartCare. Motero pamene kompyuta ya kalaliki icedwa, amene avutika koposa ndi uja wapalasa njinga kuyambira tambala woyamba, amene afuna kubwerera kwao dzuwa lisanalowe.

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, kupatula kwa iwo amene analowa m'makonzedwe apadera. Kaamba ka ici maofesi ndi anthu ambiri anagula makompyuta atsopano, ena anaika Windows 11 m'makompyuta ao akale. Dandaulo limene limveka kawiri-kawiri pambuyo pa kusintha kotere ndi lakuti makina atsopano ayaka msanga ndipo atsegula makalata msanga, koma pofika pa kutumiza kapena kulandira uthenga kupyolera m'nthambo, akwawa koposa akale aja. Ena afulumira kunena kuti wogulitsa anawanamiza. Ena aloza cala kalaliki kuti sadziwa nchito. Nthawi zambiri mlandu uli pa kanthu kena kakang'ono kamene munthu wodekha angathe kukapeza yekha, osalipira ndalama zoitanira katswiri wa ku Chipata kapena ku Lusaka.

Nthambo imene ilumikiza kompyuta ku makompyuta anzake ndi ku intaneti ichedwa Ethernet. Nzeru yake inayambira ku America m'caka ca 1973, pamene Robert Metcalfe ndi anzake anali kugwira nchito pa kampani ya Xerox. Liwiro la uthenga m'nthambo liyesedwa ndi muyeso wochedwa megabit pa sekondi. M'caka ca 1990 nthambo za mtundu umene uoneka m'maofesi lero zinali kunyamula 10. M'caka ca 1995 muyeso unakwera kufika pa 100, ndipo m'caka ca 1999 unafika pa 1,000. Makompyuta ambiri ogulitsidwa masiku ano atha kuthamanga pa 1,000. Kusiyana kwake ndi kwakukulu ndithu: katundu wa gigabyte imodzi atenga masekondi monga 8 pa liwiro la 1,000, masekondi 80 pa liwiro la 100, ndi mphindi zoposa 13 pa liwiro la 10.

Funso loyamba

Munthu asanamasule kanthu kali konse, ayenera kufunsa ngati kucedwako kuli pa kompyuta yatsopano yokha kapena pa makompyuta onse a m'nyumbamo. Ngati onse ali kucedwa pamodzi, nthawi zambiri kompyuta yatsopano ilibe mlandu. Vuto lingakhale pa router, ndiye kabokosi kolandira intaneti kucokera kunja, kapena kwa kampani imene igulitsa intanetiyo. Apo cofunika ndi kuzima router kwa kanthawi ndi kuiyatsanso, ndipo ngati palibe kusintha, kuimbira lamya eni ake.

Pano pali cinthu cimene cisokoneza anthu ambiri. Liwiro la nthambo ya m'nyumba ndi lina, liwiro la intaneti yocokera kunja ndi linanso. Ngati ofesi ilipira intaneti ya 20, kompyuta yatsopano sidzalandira zoposa 20 kucokera kunja ngakhale nthambo yake ikhale ya 1,000, monga mmene paipi yaikulu singadzaze mgolo msanga ngati kasupe ali kudontha cabe. Cinanso, kampani zichula liwiro m'ma megabit, koma kompyuta pokopa katundu ionetsa ma megabyte, ndipo megabyte imodzi ili ndi ma megabit 8. Munthu wolipira 20 akaona nambala ya 2 ndi theka pa galasi, sanaberedwe ai. Walandira zonse zimene analipira.

Koma ngati makompyuta ena ali kuyenda bwino ndipo yatsopano yokha ndiyo ikwawa, tsono kufufuza kuyambe. Mu Windows 11 munthu atsegula Settings, napita pa Network & internet, nasankha Ethernet. Pamenepo pali mzere wa Link speed umene uonetsa liwiro limene kompyuta yagwirizana ndi kabokosi ka mbali ina. Akaona 1000/1000, msewu uli wotseguka. Akaona 100/100 kapena 10/10 pa kompyuta yatsopano, ndiye kuti cina cake cili kuikokera pansi, ndipo woyamba kumuganizira ndi nthambo.

Mawaya asanu ndi atatu

Munthu akasenda khungu la nthambo ya Ethernet apeza timawaya 8 ta mkuwa, mkuwa womwewo umene ukumbidwa ku Copperbelt ndi ku North-Western. Timawayato tili topotana tiwiri-tiwiri, kupanga magulu anai. Kupotanako sikokometsera ai, ndiko kumene kuchinjiriza uthenga kuti usasokonezedwe ndi mphamvu ya magetsi ena apafupi.

Cinsinsi ca nkhani yonse cili apa. Liwiro la 10 ndi la 100 ligwiritsa nchito magulu awiri okha, ndiwo mawaya anai. Liwiro la 1,000 lifuna mawaya onse 8, popanda ngakhale mmodzi wosowa. Kompyuta yakale imene inali kuthamanga pa 100 inatha kukhala zaka zambiri pa nthambo yokhala ndi waya mmodzi woduka, mwini wake osadziwa kanthu, pakuti waya wodukayo unali m'gulu limene silinali kugwira nchito. Kompyuta yatsopano ikafika pa nthambo yomweyo iyesa 1,000, ilephera, nitsikira pa 100. Cimene cili coipa koposa ndi pamene waya sunaduke konse koma uli kungokhudza pang'ono. Apo kompyuta ivomera 1,000, koma mbali ina ya uthenga ionongeka panjira ndipo iyenera kutumizidwanso kawiri kapena katatu. Nthawi zina mgwirizano uduka ndi kubweranso. Ndico cifukwa cake makina atsopano angaoneke aulesi koposa akale pa nthambo imodzi-modzi, ndipo mwini wake alumbira kuti nthambo ili bwino popeza dzulo lomwe inali kugwira nchito.

Kuyesa kwake ndi kosavuta ndipo sikufuna ndalama. Munthu atenge nthambo ina yaifupi imene adziwa kuti ili bwino, anyamule kompyuta kupita nayo pafupi ndi router, nailumikize pomwepo. Ngati nambala ya Link speed yakwera, wolakwa wapezeka. Cotsala ndi kugula nthambo yatsopano kapena kudula mitu ya yakaleyo ndi kuikapo ina, cifukwa malo amene nthambo ikonda kufera ndi pa mutu pake, pa kapulagi ka pulasitiki kochedwa RJ45. Kapulagiko kali ndi kakhutu kamene kakathyoka nthambo sikhazikika m'bowo lake, ndipo mwendo wa munthu wosesa ukaigunda pang'ono, uthenga uleka.

Pogula nthambo, munthu awerenge zolembedwa pa khungu lake. Ya Cat5e kapena Cat6 ndiyo yoyenera liwiro la 1,000. Acenjerenso ndi nthambo zochipa zolembedwa CCA, zimene m'kati mwake ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi mkuwa pamwamba. Akulu anati cikome-kome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Nthambo zotere zithyoka msanga ndipo zifooketsa uthenga pa mtunda wautali. Mtunda nawonso uli ndi malire ake: nthambo imodzi siyenera kupitirira mamita 100. Pa sukulu pamene nthambo icokera ku ofesi ya ahedi kukafika ku kalasi la kumapeto, malire amenewa apyoledwa mosadziwa.

Kumidzi nthambo ili ndi adani amene a m'tauni sawaganizira kwambiri. Makoswe aitafuna m'denga, maka-maka m'maofesi ndi m'masitolo a makopaletivu mmene musungidwa cimanga. Dzuwa la Okutobala liumitsa khungu la nthambo yopacikidwa kunja mpaka ling'ambika, ndipo mvula ikabwera madzi alowa. Citseko cimene citsekedwa pamwamba pa nthambo tsiku ndi tsiku cidula mawaya m'kati pamene kunja kukali kuoneka kwabwino. Ndipo nthambo yomangidwa pamodzi ndi waya wa magetsi, kapena yodutsa pafupi ndi jeneleta kapena mota ya cigayo, itola phokoso limene liononga uthenga.

Kabokosi ka pakati

Nthambo ikapezeka yopanda mlandu, maso atembenukire pa switch, ndiko kabokosi kokhala ndi mabowo ambiri kumene nthambo za makompyuta onse zikumana. Ma switch ambiri akale alembedwa 10/100 pamaso pake. Otere sadzapereka 1,000 ngakhale kompyuta ikhale yodula motani, ndipo mankhwala ake ndi kugula wina wolembedwa Gigabit. Komanso bowo limodzi likhoza kufa pamene ena ali amoyo, kawiri-kawiri pambuyo pa mphenzi kapena pamene magetsi abwera mwamphamvu atazima, cinthu cimene anthu anacizolowera m'caka ca 2024 pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba. Kusamutsa nthambo kuiika m'bowo lina kutenga kamphindi cabe.

Pali vuto lina lobisika limene livutitsa ngakhale akatswiri. Kompyuta ndi switch zikangolumikizidwa zikambirana zokha za liwiro, ndiponso ngati zidzalankhula nthawi imodzi kapena mosinthana. Kukambiranaku kuchedwa Auto Negotiation. Kale amisiri ena anali kukonda kukhomera bowo la switch pa 100 Full Duplex ndi manja, nacita cimodzi-modzi pa kompyuta. Kompyuta ija ikacotsedwa, yatsopano ifika ili yokonzeka kukambirana koma ipeza mnzake ali cete. Tsono izindikira liwiro la 100 koma isankha kulankhula mosinthana, pamene switch ilankhula nthawi ili yonse. Mau awombana. Kalata yaifupi ipita bwino, koma katundu wamkulu ayenda ngati nkhono. Cofunika ndi cakuti mbali zonse ziwiri zikhale pa Auto Negotiation. Pa kompyuta zimenezi zipezeka mu Device Manager, pansi pa Network adapters, pa mzere wa Speed & Duplex.

M'kati mwa kompyuta

Kacipangizo kolandira nthambo m'kompyuta kayendetsedwa ndi pulogalamu yaing'ono yochedwa driver. Windows ikaikidwa catsopano idzisankhira yokha driver, ndipo nthawi zina isankha wakale kapena wosayenerera bwino. Woyenera apezeka kwa amene anapanga kompyutayo, kapena kwa opanga kacipangizoko monga Intel ndi Realtek. Munthu asatenge driver pa malo osadziwika a pa intaneti amene alonjeza kukonza zonse ndi batani limodzi, pakuti m'menemo ndimo mudzera mapulogalamu oononga. Pamalo pomwe pali Speed & Duplex palinso mzere wa Energy Efficient Ethernet, njira yosungira magetsi imene inakhazikitsidwa m'caka ca 2010. Siimvana bwino ndi ma switch ena akale, ndipo kuizima kwathetsa vuto pa makompyuta ambiri.

Ngati Link speed ionetsa 1000/1000 koma kucedwa kukalipo, mwina kompyuta ili yotanganidwa ndi nchito zake. M'masiku oyamba kompyuta yatsopano ikopa zoonjezera za Windows zimene zikhoza kufika ma gigabyte angapo, ndipo OneDrive ingayambe kubweza zithunzi ndi makalata onse a mwini wake. Pa intaneti yocepa ya kumudzi zimenezi zidzaza njira yonse, ndipo kwa olipira ndi ma bundle zimaliza ndalama mwakacete-cete. Task Manager ionetsa pulogalamu imene ili kudya intaneti. Nzeru yabwino ndi kuisiya kompyuta yoyaka madzulo anthu atapita, kuti imalize kukopa pamene palibe wodikira pa mzere. Pa laputopu munthu aonenso kuti Wi-Fi yazimidwa pamene ali kuyesa, kuopa kuti angaweruze nthambo pamene uthenga uli kudzera mumphepo.

Pa kufufuza konseku lamulo ndi kusintha cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, ndi kulemba pa pepala nambala ya Link speed pambuyo pa kusintha kuli konse. Wosintha nthambo, bowo ndi driver nthawi imodzi angacize matenda, koma sadzadziwa cimene cinali kudwala, ndipo tsiku lina adzayambanso pa ciyambi. Ngati nthambo yabwino, bowo lina ndi driver watsopano zonse zalephera, ndiye kuti kacipangizo ka m'kompyuta kangakhale kolemala. Kuti atsimikize, munthu abwereke kapena agule adaputa yaing'ono ya USB yokhala ndi bowo la Ethernet. Liwiro likakwera ndi adaputa, kompyuta ibwezedwe kwa wogulitsa nthawi ya waranti isanathe, pamodzi ndi lisiti ndi pepala lija la manambala, ndipo adaputayo ipitirize kutumikira anthu pa kompyuta ina kufikira yatsopano itabwerako.