Kompyuta Yokwana M'dzanja

Inu amene mwatsiriza sukulu ya kwacha mukulidziwa vuto ili. Mwaphunzira kuwerenga, koma kunyumba kulibe chowerenga. Nyuzipepala sifika kumudzi kawirikawiri, ndipo mabuku ndi okwera mtengo. Khasu losalimira limachita dzimbiri. Kuwerenga nakonso n'chimodzimodzi. Mukakhala miyezi yambiri osawerenga, zilembo zimayamba kuthawa m'mutu.

Lero tikambirana za kachipangizo kamene kangasunge mabuku ambirimbiri a mudzi wonse. Dzina lake ndi Raspberry Pi. Dzinali ndi lachingerezi, koma lisakuopseni.

Kodi Raspberry Pi n'chiyani?

Raspberry Pi ndi kompyuta yaing'ono. Kukula kwake ndi ngati chitupa cha unzika chimene muli nacho m'thumbamo. Ziwalo zake zonse anazimanga pa kathabwa kamodzi kobiriwira.

Anaipanga ndi anthu a ku Cambridge, m'dziko la Britain. Mmodzi wa iwo ndi bambo Eben Upton. Iwo anafuna kuti ana a sukulu apeze kompyuta yotsika mtengo yophunzirirapo. Inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2012 pa mtengo wa madola 35 a ku America. M'chaka cha 2015 anatulutsa ina yocheperapo, yotchedwa Pi Zero, pa madola 5 okha. Koma dziwani kuti ikafika kuno kwathu mtengo umakwera chifukwa cha mayendedwe.

Ziwalo zake

Pakati pa kathabwako pali kachitsulo ka ngodya zinayi. Kameneka ndiko ubongo wake, ndipo ndi kamene kamawerengera zonse.

Kunsi kwake kuli polowetsa memore khadi, yonga ija ya m'foni. Memore khadiyo ndiyo nkhokwe. Mabuku, zithunzi ndi mafilimu zimasungidwa m'menemo.

M'mbali muli timabowo. Pena mumalumikiza kiyibodi yolembera, pena fulashi, pena chingwe chopita ku TV. TV ija ndi imene imaonetsa zimene mukulemba.

Palinso timano 40 tosongoka ngati singano. Pa timanoti amisiri amalumikiza zipangizo zina, monga choyezera chinyezi m'nthaka.

Sidya magetsi ambiri

Kompyuta imeneyi imafuna magetsi a mavoti 5, monga momwe foni imafunira. Imadya magetsi ochepa kuposa babu lakale lija la mawati 40. Choncho ngakhale kumudzi kumene mawaya a ESCOM sanafike, sola ndi batire zingathe kuiyendetsa.

Ntchito zake

Ntchito yoyamba ndi kusunga zowerenga. Bungwe la World Possible la ku America linasonkhanitsa mabuku ndi maphunziro ambiri pamodzi n'kuwatcha RACHEL. Zimenezi zimatha kuikidwa pa Raspberry Pi. Kuyambira m'chaka cha 2016, mitundu ikuluikulu ya kompyutayi imabwera ndi Wi-Fi. Mukaiyatsa, anthu amene ali pafupi amalumikiza mafoni awo n'kuyamba kuwerenga. Safuna intaneti, ndipo sagula mayunitsi kapena bandulo.

Ntchito yachiwiri ndi kusunga mawerengero. Ife a ku Mlangeni timalima mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato, n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1. Kalabu ya alimi imafuna kudziwa matumba amene aliyense wabweretsa ndi ndalama zimene zalowa. Kope likanyowa kapena likadyedwa ndi chiswe, mkangano umabuka. Mlembi atalemba m'kope ndi m'kompyuta momwe, umboni ukhala pawiri.

Ntchito yachitatu ndi kuphunzitsa ana. Mwana angaphunzire kulemba pa kiyibodi ndi kulamula kompyuta kuti ichite zimene iye akufuna. Wodziwa bwino angathe kuiuza kuti iziyatsa pampu ya kudimba nthaka ikauma.

Anzathu a ku Choma anayamba kale

Izi si nkhambakamwa ayi. Ku Choma, kufupi ndi Mzuzu, bungwe la Turing Trust la ku Scotland linagwirizana ndi bungwe la Centre for Youth and Development. Anatenga kontena yachitsulo, ija yonyamulira katundu, n'kuisandutsa chipinda chophunziriramo. Padenga anaikapo masola, m'kati anaikamo makompyuta a Raspberry Pi. Chipindacho anachitcha SolarBerry, ndipo anachipereka kwa anthu a m'deralo m'chaka cha 2018.

Chenjerani ndi izi

Musanasonkhe ndalama, mvetsetsani zinthu zinayi.

Choyamba, kathabwako pakokha sikakwanira. Pafunikanso memore khadi, tchaja, kiyibodi ndi TV. Werengerani mtengo wa zonsezi pamodzi.

Chachiwiri, mabuku ambiri amene amabwera okonzeratu ndi a m'Chingerezi. Pemphani amene akukukonzerani kuti aikemonso zowerenga za m'Chichewa. Inunso mungathe kulemba nthano, miyambi ndi mbiri ya mudzi wanu n'kuzisunga m'menemo.

Chachitatu, kompyutayi imadana ndi madzi ndi fumbi. Kuno kwathu kumagwa nkhungu ndi mame ambiri. Isungeni m'kabokosi kake, pamalo ouma.

Chachinayi, musamangozula chingwe cha magetsi ili m'kati mogwira ntchito. Mukatero memore khadi ingaonongeke, mabuku onse n'kutayika. Itsekeni kaye mwa dongosolo lake, ndipo sungani zonse pa fulashi ina yapadera.

Mutu umodzi susenza denga. Kwa munthu mmodzi mtengo wa zonsezi ndi wolemetsa, koma kalasi ya kwacha, kalabu ya alimi kapena komiti ya sukulu ingathe kusonkherana. Musankhenso anthu awiri oti aphunzire kuisamala, kuti wina akachoka ntchito isaime.

Mafunso okambirana

1. Kodi mabuku amasungidwa pati mu Raspberry Pi?
2. N'chifukwa chiyani ingagwire ntchito kumudzi kopanda magetsi a ESCOM?
3. Tchulani zinthu zinayi zofunika kugula pamodzi ndi kompyutayi.
4. Mukadakhala nayo m'kalasi mwanu, mukadafuna kuwerenga za chiyani? Lembani yankho lanu m'kope.