Tiyi wa Zitsamba m'Dziko la Turkey

M'dziko la Turkey, limene liri pakati pa Ulaya ndi Asia, munthu akagwidwa ndi cimfine sathamangira ku cipatala tsiku lomwelo ai. Amai a pa nyumba ateleka ketulo, naponyamo maluwa ouma a mtengo wochedwa ıhlamur, nathiramo mandimu ndi uci pang'ono. Wodwalayo amwa, nafunda gombeza, nagona. M'mimba mukamapota, amphikira timasamba tonunkhira ta nane pamodzi ndi mandimu. Pakhosi pakamawawa, ampatsa adaçayı.

Anthu a dziko limeneli achuka ndi kumwa tiyi, ndipo ali m'gulu la mitundu yomwa tiyi wambiri koposa pa dziko lapansi. Koma tiyi wakuda, amene amwera m'timatambula tating'ono kuyambira m'mawa kufikira usiku, anafala posacedwapa. Lamulo lolimbikitsa ulimi wa tiyi ku Rize, m'mphepete mwa nyanja ya Black Sea, linaikidwa m'caka ca 1924, ndipo fakitale yoyamba inatsegulidwa kumeneko mu 1947. Zitsamba ndizo zakale, makolo ao anazidziwa tiyi asanabzalidwe.

Wogulitsa zitsamba amchula aktar, ndipo m'mizinda yonse muli masitolo ace. M'menemo muli matumba ndi mabotolo odzala ndi masamba, mizu, makungwa ndi njere, pfungo lace lifika mpaka pa mseu. Msika wochuka wa zotere ndiwo Mısır Çarşısı mu mzinda wa Istanbul, umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1660 ndipo ugwirabe nchito lero. Wogula angofotokoza cimene cimsautsa, aktar nayesa pa sikelo, namuuza kaphikidwe kace. Komatu aktar ndiye wamalonda, sindiye dokotala, ndipo sadziwa mapiritsi amene munthuyo anameza m'mawa asanacoke ku nyumba.

Apa ndipo pagona bvuto. Popeza zitsambazi zimwedwa m'kapu monga cakumwa ca masiku onse, ambiri saziyesa mankhwala konse. Dokotala akafunsa kuti, "Kodi mukumwa mankhwala ena?" munthu ayankha kuti iai, ndipo sananame dala, iye aona ngati wangomwa tiyi.

Citsamba ca maluwa acikasu cochedwa sarı kantaron cionetsa bwino kuopsa kwa cizolowezi cimeneci. Anthu a ku Turkey abviika maluwa ace m'mafuta a azitona kufikira mafutawo afiira, nadzola pa zironda ndi pamene apsa ndi moto. Ena acimwa cifukwa ca m'mimba, kapena pamene mtima uli wolemedwa ndi nkhawa. Cikalowa m'thupi cifulumizitsa nchito ya ciwindi, ndipo ciwindico cicotsa msanga m'magazi mankhwala ena amene munthu analandira ku cipatala, asanatsirize nchito yao. Mkazi womwa mapiritsi olera akhoza kutenga pakati osayembekeza. Womwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, magazi ace akhoza kuundana ndithu. Ena mwa ma ARV, amene anthu ambiri a ku migodi ndi m'matauni a Zambia amwanso tsiku ndi tsiku, acepa mphamvu momwemo, kacirombo nikapeza mpata wocurukanso. Zonsezi zicitika mwakacetecete, popanda kupweteka kocenjeza munthu.

Palinso acinyengo. Tiyi wina agulitsidwa ndi lonjezo lakuti acepetsa kunenepa, ndipo pa pepala alemba kuti muli zitsamba zokha-zokha. Poyesa, a Boma la Turkey apeza kangapo kuti mwa tiyi wotere anabisamo sibutramine, mankhwala amene anacotsedwa pa malonda ku Ulaya ndi ku Amereka mu 2010 cifukwa anaonjeza ngozi ya matenda a mtima ndi kufa ziwalo. Unduna woona za ulimi umalengeza maina a katundu wogwidwa cotero kuti anthu aleke kumgula.

Boma silinaletse zitsamba, ndipo likadayesa silikadakhoza, pakuti ıhlamur wa m'nyengo ya cisanu ali ngati nsima pa khomo la munthu wa kumeneko. Cimene linacita mu 2014 ndico kuika malamulo akuti kuciza ndi zitsamba kucitike ndi dokotala amene anaphunzira nchitoyo nalandira cikalata cace. Dokotala wotere ayenera kuyamba waona mapiritsi onse amene wodwala akumwa, nafunsanso za cimene ciri m'ketulo ku nyumba, asanamuuze citsamba coti akagule kwa aktar.