Nkhondo za makolo zasanduka masewero ku Ulaya

Anthu ambiri a m'maboma a Tsangano ndi Macanga angadabwe atamva kuti ku England kuli abambo a ndevu zawo amene amatha madzulo onse ali chiweramire pa tebulo, kupaka penti tizidole ta ankhondo a Chingoni. Kachidole kalikonse sikakwana ndi masentimita atatu omwe, koma kali ndi zonse: chishango cha chikopa cha ng'ombe, nthungo, chibonga ndi nthenga kumutu.

Abambowa sapenga ayi. Awa ndi masewero awo, monga momwe bawo alili kwa abambo a pa msika wa Tsangano kapena wa Furancungo. Koma chochititsa chidwi n'chakuti ena mwa alendowa, amene sadapondepo phazi m'chigawo cha Tete, amadziwa zaka ndi mayina a nkhondo zakale za dera lino kuposa achinyamata obadwira pa malo pomwe nkhondozo zidachitikira.

Momwe amasewerera

Tizidoleti amatiumba m'fakitale ndi chitsulo chofewa kapena pulasitiki, ndipo timagulitsidwa tili tosapaka. Mafakitale ambiri otere ali mu mzinda wa Nottingham ndi madera oyandikana nawo. Wogula amatenga burashi yosongoka ngati munga n'kumapaka kamodzikamodzi: khungu, mikanda, mawanga a pa chishango. Kuti gulu la nkhondo likwanire pamapita miyezi.

Tsiku losewera amayala nsalu pa tebulo lalikulu, naikapo timapiri, timitengo, mtsinje ndi timakumbi ta udzu. Mbali iliyonse imandandalika ankhondo ake. Mtunda umene gulu lingayende amayeza ndi tepi, ndipo pofuna kudziwa ngati chipolopolo chalasa kapena chaphonya amaponya timiyala ta madontho totchedwa dayisi. Kachidole kamene akuti kafa amakachotsa pa tebulo, monga achitira wa bawo akadya nkhomo za mnzake.

Masewerowa adayambira kwa asilikali enieni. M'chaka cha 1824 msilikali wina wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, adaonetsa akuluakulu ake njira yophunzitsira atsogoleri a nkhondo pa mapu, popanda kuwombera mfuti ngakhale imodzi. Mu 1893 kampani ya William Britain ya ku London idayamba kupanga asilikali a mtovu a mphako m'kati, omwe adali otsika mtengo. Kenaka mu 1913 mlembi wotchuka H. G. Wells adasindikiza buku la malamulo a masewerowa lotchedwa Little Wars. Iye ankakhulupirira kuti munthu akasewera nkhondo yaing'ono pansi m'nyumba adzaona yekha kupusa kwa nkhondo yaikulu. Chaka chotsatira nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka.

Zomwe zili m'mabuku awo

Wopaka tizidole safuna kulakwitsa ngakhale mtundu wa nthenga. N'chifukwa chake ambiri a iwo amasonkhanitsanso mabuku a mbiri ya nkhondo mpaka kudzaza chipinda. Mngelezi wina, Chris Peers, adalemba mabuku ofotokoza zida, zovala ndi kamenyedwe ka mitundu ya kum'mawa ndi pakati pa Africa, kuphatikizapo Angoni, makamaka pofuna kuthandiza osewera oterewa.

Wofuna za dera lino amatsegula mabuku a akatswiri a mbiri. Allen Isaacman wa ku America adasindikiza buku lonena za maprazo a m'mbali mwa Zambezi mu 1972 ndi lina lonena za kukana utsamunda m'chigwachi mu 1976. Malyn Newitt wa ku Britain adatulutsa lake mu 1973. Kalelo Mpwitikizi António Gamitto, amene adanyamuka ku Tete mu 1831 pa ulendo wopita kwa Kazembe, adalemba zomwe adaona m'midzi ya Amaravi, ndipo buku lake lidatuluka mu 1854.

M'mabukuwa muli nkhani ya ufumu wa Macanga. Cha m'ma 1760 munthu wina wochokera ku Goa, m'dziko la India, dzina lake Gonçalo Caetano Pereira, adakhazikika kumpoto kwa Zambezi n'kumakumba golide. Anthu ankamutcha Dombo-Dombo. Wina wa m'banja lake, Pedro Caetano Pereira, wodziwika kuti Chamatowa, adathandiza mfumu Undi pa nkhondo ndipo adapatsidwa dziko la Macanga. Banjali lidakwatirana ndi eni nthaka, lidamanga malinga, lidali ndi ankhondo a Achikunda onyamula mfuti za gogodela, ndipo lidalemera ndi malonda a minyanga ndi akapolo. Likulu lawo lidali ku Muchena. Nthawi zina ankagwirizana ndi Apwitikizi a ku Tete, nthawi zina ankamenyana nawo, mpaka mu 1902 pamene mfumu yomaliza, Chinsinga, idagonjetsedwa.

Mulinso nkhani ya Angoni a kwa Maseko, amene adabwerera kuchokera ku Songea, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, nadzakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870, motsogozedwa ndi Chidyaonga. Pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la mu 1891 lidadula ufumu wawo pakati, ndipo mu October 1896 asilikali a Angelezi adapha Inkosi Gomani woyamba. Malire omwe anthu amadumpha lero popita ku chigayo, ku msika kapena ku maliro kwa abale ku Ntcheu ndi ku Dedza adachokera pamenepo.

Vuto n'lakuti mabuku ambiriwa ali m'Chingelezi, m'Chipwitikizi ndi m'Chifalansa, ndipo amapezeka ku Maputo, ku Lisboa ndi ku London. Mlimi wa kachewere ku Tsangano kapena wa fodya ku Macanga sadawaonepo ndi kale lomwe. A m'chinenero cha kuno ndi owerengeka, monga Mbiri ya Achewa ya Samuel Ntara, yomwe idatuluka ku Malawi cha m'ma 1940.

Zimene tebulo silionetsa

Pa tebulo la ku Nottingham pamakhala ankhondo okhaokha. Sipakhala mayi wothawa usiku atabereka mwana, mtolo uli pamutu. Sipakhala nkhokwe yopsa, ng'ombe zolandidwa, kapena nkhalamba yotsala m'mudzi chifukwa miyendo yakana. Masewero akatha, akufa ndi amoyo amalowa m'bokosi limodzi kudikira sabata yamawa.

Zinthu zosowa pa tebulozo ndi zomwe anthu a dera lino amazidziwa kuposa wina aliyense. Mu 1968 nkhondo yomenyera ufulu idafika m'chigawo cha Tete, ndipo boma la atsamunda lidakusa anthu ambiri m'midzi yotchingidwa yotchedwa aldeamento. Ufulu udabwera pa 25 June 1975, koma pasadapite nthawi nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo idayamba. Idapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko lonse. Kuyambira mu 1986 anthu adakhamukira ku Malawi mwaunyinji, kotero kuti pofika 1992 othawa nkhondo m'dzikolo adaposa miliyoni imodzi. Ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri adamanga misasa m'midzi ya abale awo, kwinaku akuona ndi maso minda yawo ikumera tchire tsidya lina la msewu.

Pangano la mtendere lidasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, koma mabomba okwirira adapitiriza kudula anthu miyendo kwa zaka zambiri. Boma lidalengeza kuti minda yonse yodziwika ya mabombawa yatha pa 17 September 2015. M'chaka chomwecho mfuti zidaliranso m'madera ena a Moatize ndi Tsangano, ndipo pofika kumayambiriro a 2016 anthu oposa 10,000 adali atathawira pa Kapise, m'boma la Mwanza. Pangano lina lidasainidwa ku Maputo pa 6 August 2019.

Za magulu a nkhondo ndi akuluakulu awo zidalembedwa. Koma za mudzi uno ndi uwo, za yemwe adatengedwa ku munda osabweranso, za njira yomwe anthu adadzera usiku, za banja la ku Malawi lomwe lidagawa ufa wake pakati, zambiri zili m'mitu ya anthu basi. Mnyamata amene adali ndi zaka 15 mu 1968 lero wapitirira zaka 70. Mwana amene adathawa ali ndi zaka 10 mu 1986 ali ndi zaka pafupifupi 50. Chaka chilichonse maliro akunyamula nkhanizi kupita nazo ku manda.

Phindu la kulemba

Kuti kulemba kuli ndi mphamvu, umboni uli m'chigawo chomwe chino. Pa 16 December 1972 asilikali a Apwitikizi adapha anthu wamba ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kummwera kwa mzinda wa Tete. Ansembe ena adafunsa opulumuka nalemba mayina a akufa pa pepala. Mapepalawo adafika kwa wansembe wa ku England, Adrian Hastings, amene adaulutsa nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times pa 10 July 1973. Boma la ku Lisboa lidakana, mpaka kunena kuti mudzi wa dzina limenelo kulibe. Koma mayina adalipo. Mu 2016 katswiri wa mbiri wobadwira ku Mozambique, Mustafah Dhada, adasindikiza buku lokhala ndi mayina 385 a ophedwa, ndipo mu 2022 António Costa, yemwe panthawiyo adali nduna yaikulu ya Portugal, adapepesa ali ku Maputo. Pakadapanda pepala ndi cholembera, kupepesako sikukadachitika.

Mwana ndi mfuti ya mapesi

Kuumba tizidole si luso la Azungu okha. Ana a ku dambo akhala akuumba ng'ombe za dothi n'kumazichititsa ndewu kuyambira kalekale. M'zaka za nkhondo ana omwewo adayamba kuumba asilikali, kupinda mawaya kukhala ndege za helikopita ndi kusema mfuti za mapesi, pakuti mwana amasewera zomwe maso ake aona.

Zimenezi zidadetsa nkhawa akuluakulu ena. Bishopu wa mpingo wa Anglican, Dinis Sengulane, amene mu 1995 adayambitsa pansi pa bungwe la mipingo ya Chikhristu m'dziko muno ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata, ankapemphanso ana kuti abweretse mfuti zawo za zidole kuti ziphwanyidwe. Ntchito yake idasonkhanitsa zida zoposa 600,000. Amisiri a ku Maputo adadula zina mwa mfutizo n'kuwotcherera zinthu zokongoletsa. Mpando umene Cristóvão Canhavato adapanga ndi zidutswa za mfuti mu 2001 udagulidwa ndi British Museum ku London.

Wells ankati nkhondo ya pa tebulo imaphunzitsa mtendere, Bishopu ankati mfuti ya chidole imazoloweretsa dzanja la mwana. Kholo lililonse lidziweruzire lokha. Komabe pali kusiyana pakati pa mwana woloza mnzake ndi mfuti ya mapesi ndi mwana woumba linga la ku Muchena atakhala pambali pa agogo ake, akumufotokozera omwe ankakhalamo ndi omwe ankagulitsidwa kuchokera mmenemo. Angoni amadziwa kale zimenezi: chishango ndi nthungo zimatuluka pa gule wa ngoma, ngakhale pa mwambo wa Umhlangano wa Maseko ku Ntcheu, popanda wokhetsa magazi.

Kope limodzi pa mudzi

Kusunga mbiri sikulira ndalama za ku Ulaya. Kope limodzi la sukulu ndi cholembera n'zokwanira. Mdzukulu wodziwa kulemba akhale pansi ndi agogo ake, afunse mwaulemu, alembe dzina la wofotokoza, mudzi wake, chaka kapena nyengo yomwe chinthu chidachitika, ndi mayina a omwe adatayika. Alembe m'chinenero chomwe agogowo akulankhula, osasintha mawu. Wokhala ndi foni angathe kujambula mawu, koma alembebe, chifukwa foni imagwera m'madzi. Makadi akale olandirira chakudya ku misasa, makalata ndi zithunzi zisayatsidwe moto.

Pofunika kusamala ndi apa: m'midzi yambiri omwe adali mbali ziwiri za nkhondo amatunga pa chitsime chimodzi ndipo ana awo adakwatirana. Wosafuna kulankhula asakakamizidwe, ndipo kope lisasanduke bwalo la milandu. Lilembe zomwe zidagwera anthu, osati kusaka woti abwezeredwe.

Mafumu, mipingo ndi aphunzitsi angathandize kusunga makopewa pamalo ouma, kutali ndi chiswe. Maphunziro a pulayimale omwe adakhazikitsidwa mu 2004 adapatula gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi ya m'kalasi kuti ana aphunzire za kwawo, ndipo mphunzitsi wokhala ndi kope lotere sangasowe chophunzitsa. Ana ataumba ndi dothi phiri la Domwe, mudzi wawo wakale ndi njira yothawira ku malire, osaiwala amayi ndi mitolo yawo, adzakhala ndi tebulo lonena zoona kuposa la ku Nottingham.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Agogo akadalipo pakhonde, ndipo nyengo yokolola ikatha madzulo amatalika. Mwana amene wamva kuchokera pakamwa pa agogo ake momwe nkhokwe idapsera sadzafuna wina womuuza kuti nkhondo simanga mudzi.