Kung fu ya pafoni ndi ina, ya pabwalo ndi ina

Kavidiyo kake kamakhala ka masekondi 30 basi. Mnyamata wometa mpala, wavala zachikasu, akuswa njerwa ndi mutu, kenako akudumpha m'mwamba ngati alibe mafupa. Pansi alembapo nambala ya WhatsApp ndi mawu oti malo atsala ochepa. Timavidiyo totere tadzaza pa TikTok ndi pa Facebook, ndipo kwa mtundu womwe unakulira m'mavidiyo shoo, kuonera Jet Li akuyankhula Chichewa, mtima sutenga nthawi kuti ugwe. Wina akufuna alowe yekha, wina akufuna alembetse mwana kapena mng'ono wake amene akungogona pafoni tsiku lonse.

Palibe cholakwika ndi chilakolako chimenechi. Vuto ndi loti chinthu chomwe mungagule ndi ndalama zanu si kavidiyo kaja. Mukugula mphunzitsi ndi kalasi yake ya tsiku wamba, Lachiwiri madzulo, kamera kulibe. Ndiye tiyeni tikambe za kalasi imeneyo.

Poyamba, kung fu si chinthu chimodzi. M'Chitchaina mawuwa amanena luso lililonse lomwe munthu walipeza atakhetsa thukuta kwa nthawi yaitali; wophika naye akhoza kukhala ndi kung fu yake. Mawu enieni a masewero omenyana ndi wushu, ndipo mitundu yake ndi yambirimbiri. Shaolin imachokera m'chigawo cha Henan, imakonda mateche, kudumpha ndi ndodo. Wing Chun ndi ya kumwera, mbiri yake ili ku Foshan, ndipo imamenyera pafupi ndi manja. Ndi imene Ip Man anaphunzitsa Bruce Lee ku Hong Kong. Tai chi, yoyenda pang'onopang'ono ija, mizu yake ili m'mudzi wa Chenjiagou, ku Henan komweko. Pamipikisano ya lero wushu imagawidwa pawiri. Taolu ndi kuonetsa mndandanda wa mayendedwe oloweza pamtima, oweruza n'kupereka mapointi. Sanda ndi kumenyana kwenikweni, zibakera, mateche ndi kugwetsana, mutavala magolovesi.

Kusiyana kumeneku ndi kumene anthu ambiri amapsera. Munthu amalembetsa chifukwa anamulanda foni usiku pasiteji, akufuna adziwe kudziteteza, koma chaka chonse chimatha akungoloweza taolu, sanagundidwepo ngakhale kamodzi. Taolu ndi yokongola, imalimbitsa thupi, imaphunzitsa kudekha. Koma kudziteteza amaphunzira munthu amene wakumanapo ndi mnzake yemwe sakugwirizana naye, amene akufunadi kumugunda.

Anthu a ku China komweko anaphunzira izi mowawa. Mu Epulo 2017, mumzinda wa Chengdu, Xu Xiaodong, katswiri wa nkhonya zosakaniza za MMA, anakumana ndi Wei Lei, yemwe ankadzitcha mkulu wa tai chi. Sipanathe masekondi 20, mkulu uja anali ali pansi. Mu 2020 mkulu wina wotchuka pa intaneti, Ma Baoguo, anagwetsedwa katatu m'masekondi 30 ndi munthu wongomenya nkhonya mwachisangalalo. Mavidiyo onse awiri alipo, mukhoza kuwasaka bando ikalola. Sakutanthauza kuti tai chi ndi yachabe, ayi. Akuonetsa chimene chimachitika munthu akakhala zaka zambiri pakati pa ophunzira amene amagwa okha pomulemekeza. Mukapeza mphunzitsi amene akuti amakankha anthu osawakhudza, kapena amene akukana kuyeserera kumenyana ati chifukwa nkhonya yake ndi yakupha, sungani ndalama zanu mugulire ndiwo.

Nanga dzina lakuti Shaolin? Kachisi wa Shaolin alipodi, ali m'mbali mwa phiri la Song pafupi ndi tauni ya Dengfeng, ndipo anakhazikitsidwa m'chaka cha 495. Filimu ya Shaolin Temple itatuluka mu 1982, yomwe inatchukitsa Jet Li, anyamata anakhamukira kumeneko ndipo sukulu za kung fu zinamera ngati bowa. Yaikulu kwambiri ndi Tagou, yomwe inayamba mu 1978 ndipo ili ndi ophunzira oposa 30,000. Zambiri mwa sukulu za ku Dengfeng zili ndi mawu oti Shaolin pachikwangwani, koma si kachisiyo. Ndi mabizinesi a anthu. Zina ndi zabwino kwambiri, zina ndi zokolola ndalama za alendo. Kumeta mpala ndi lezala chabe, ndipo zovala zachikasu zija zimagulitsidwa m'sitolo. Ngakhale kachisi weniweniyo sanapulumuke ku nkhani za ndalama: mu Julayi 2025 kunalengezedwa kuti mtsogoleri wake, Shi Yongxin, yemwe anakhala pampando kuyambira 1999, akufufuzidwa pa nkhani yosokoneza chuma, ndipo anamuchotsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati dzina limeneli silitsimikizira chilichonse kwawo komwe, kuli bwanji pachikwangwani cha holo ya mutauni mwathu muno?

Funso labwino kufunsa mphunzitsi ndi lophweka: munaphunzira kwa ndani, kuti, kwa zaka zingati? M'mwambo wa kung fu, mzere wa aphunzitsi ndi nkhani yaikulu, ngati m'mene kwathu kuno timafunsira kuti ndinu mwana wa ndani. Mawu akuti shifu, kapena sifu m'chiyankhulo cha ku Hong Kong, amanena mphunzitsi amene alinso ngati bambo. Munthu woona amayankha mosavuta, amatchula dzina ndi malo, ndipo sakwiya mukafuna kutsimikiza. Amene anapita ku China milungu itatu n'kubwera ndi chithunzi ali pageti la kachisi amayamba kuzungulira. Za malamba musatengeke nazo. Lamba wakuda ndi mwambo wa ku Japan, unayambira mu judo. Kung fu yakale inalibe malamba. China inakhazikitsa magiredi ake otchedwa duanwei mu 1998, ndipo ali ndi masitepe 9. Sukulu zambiri masiku ano zimapereka malamba amitundumitundu pofuna kulimbikitsa ana, ndipo si tchimo. Koma ngati mwezi uliwonse kuli mayeso, mayeso aliwonse ali ndi fizi yake, ndipo palibe amene amalephera, pamenepo mwalowa mu shopu ya nsalu.

Tsopano za ana, pomwe pafunika maso anayi.

Mwana wa zaka 6 kapena 8 safunika zinsinsi za kumenya. Kalasi yabwino ya ana imakhala ndi kuthamanga, kudumpha, kugubuduka, kuphunzira kugwa osavulala, ndi kaimidwe koyambira monga mabu, komwe amaima atatang'aza miyendo, mawondo atapinda ngati wakwera hatchi. Mabu imawawa ntchafu, ndipo kuwawa kumeneko n'kwabwinobwino. Kuwawa kosayenera ndi kwa mphunzitsi amene amakhalira mwana pamsana kapena kumukanikiza miyendo mpaka alire, ati kuti afewe msanga. Mafupa a mwana akadali kukula, kumapeto kwake kuli kofewa, ndipo akavulala pamenepo chilema chimatha kukhala cha moyo wonse. Zomenyetsa manja pamchenga ndi pamiyala kuti alimbe, zoswa njerwa ndi mutu, si za mwana ngakhale pang'ono. Akafika poyeserera kumenyana, pakhale magolovesi, choteteza mano ndi choteteza mutu, ana aphatikizidwe molingana msinkhu ndi kulemera, ndipo kumutu asamalolane kugundana mwamphamvu.

Pali nkhani ya chikwapu. Ife tinazolowera kumva kuti mwana sakula wopanda mkwapulo, ndiye mphunzitsi akanyamula ndodo n'kunena kuti ku China amatero, makolo ena amangogwedeza mutu. N'zoona kuti sukulu zogonera konko za ku China zili ndi mbiri ya nkhanza zotere, ndipo kwawo komweko anthu akhala akudandaula nazo. Chimenecho si chifukwa chotumizira mwana wanu kukakwapulidwa, n'kulipiranso. Mwambo wa kung fu uli ndi mawu akuti wude, kutanthauza khalidwe la womenya: ulemu, kudzichepetsa, kudziletsa. Mphunzitsi amene sangathe kudziletsa pamaso pa mwana wa sitandade 3 angamuphunzitse bwanji wude?

Njira yodziwira ndi imodzi. Pitani mukakhale pansi muonere kalasi yonse, osati tsiku la chionetsero, ndipo mukapitenso tsiku lina osawauza. Sukulu imene imakaniza makolo kuonera, ithaweni, kaya apereke chifukwa chotani. Onani nkhope za ana: kodi akumuopa mphunzitsi kapena akumumvera? Zimasiyana, ndipo zimaoneka. Onani zimene amachita ndi mwana wochedwa kugwira, uja amasokoneza mwendo wamanja ndi wamanzere. Funsani kuti atsikana amasinthira kuti zovala, ngati pamakhala wamkulu wina kupatula mphunzitsi, komanso amene amagona ndi ana akapita ku mpikisano kutali. Mafunso amenewa amachititsa manyazi kufunsa, komatu nkhani zoipa zimene timawerenga zimayambira pomwe kholo linachita manyazi.

Mabanja opemphera amafunsanso za chipembedzo, ndipo ali ndi ufulu. Moni uja wophimba chibakera ndi chikhatho ndi ulemu chabe, ngati kuwomba m'manja kwa mfumu. Koma Shaolin ndi kachisi wa Chibuda, mapiri a Wudang ku Hubei ndi a Chitao, ndipo sukulu zina zimakhala ndi guwa, zofukiza ndi mapemphero. Kuno kwathu chitsanzo chodziwika ndi Amitofo Care Centre ku Blantyre, malo osamalira ana amasiye omwe anayambitsa mmonke wa ku Taiwan, Hui Li. Ana kumeneko amaphunzira kung fu, Chitchaina ndi Chibuda. Filimu ya Buddha in Africa ya mu 2019, yomwe anakonza Nicole Schafer wa ku South Africa, inatsata mnyamata wokulira pamalopo, katswiri wa kung fu, ali pakati pa moyo umenewo ndi mudzi wa kwawo. Ndi yoyenera kuonera musanaganize zotumiza mwana kusukulu iliyonse yogonera konko, kuno kapena kunja, chifukwa imaonetsa kuti mwana amatenga zambiri kuposa mateche.

Kwa akuluakulu nkhani ndi yaifupi. Thupi la zaka 35 lomwe lakhala pa desiki kapena pa kabaza si la mwana wa ku Tagou amene anayamba ali ndi zaka 7. Mphunzitsi wabwino amafunsa za mawondo, msana ndi kuthamanga kwa magazi musanayambe, ndipo amakupatsani zocheperako. Kwa amayi ndi abambo athu okalamba, tai chi ndi yabwino zedi: madokotala ambiri amailimbikitsa chifukwa imathandiza okalamba kuti asamagwegwe, ndipo mu 2020 bungwe la UNESCO linailemba pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse. Koma si mankhwala. Wina akakuuzani kuti musiye mapilitsi a shuga kapena ma ARV chifukwa mpweya wa qi ukuchizani, ameneyo ndi kamberembere, ndipo akhoza kukuphetsani.

Ndalama lipirani za mwezi umodzi umodzi. Funsiranitu za yunifolomu, mayeso, ndodo ndi malupanga oyeserera, chifukwa m'menemo ndi momwe mumabisala mitengo. Ganiziraninso za thiransipoti. Sukulu yofuna maminibasi awiri kupita ndi awiri kubwera mudzaisiya mvula ikangoyamba, ngakhale mphunzitsi wake atakhala mdzukulu wa Ip Man. Ngati kufupi ndi kwanu kulibe kung fu koma kuli mphunzitsi wodalirika wa karate, taekwondo kapena nkhonya, yambani pamenepo. Miyendo ndi mpweya mudzazitenga n'kupita nazo kulikonse.

Amene akulota zopita ku China kwenikweni, sukulu za alendo zilipo ku Dengfeng, ku Wudang ndi ku Chenjiagou. Maphunziro osapitirira masiku 180 amayendera viza ya X2, opitirira apo X1, ndipo sukulu yeniyeni imatumiza kalata yokulandirani yoti mukaonetse ku embase. Musatumize ndalama pafoni kwa munthu wa pa Facebook amene akuti ndi ejenti. Pemphani kuyankhula pavidiyo ndi sukuluyo, muone chipinda chogona, ndipo fufuzani amene anaphunzirako akuuzeni okha. Dziwaninso kuti ku Henan m'Januwale kumazizira mpaka madzi kuuma, kuzizira koti kwa ku Dedza ndi masewera, ndipo mumadzuka kusanache kukathamanga momwemo. Pafupi ndi kwathu, ku Lusaka kuli malo a chikhalidwe cha Shaolin komwe amonke ochokera ku China amaphunzitsa. Ndipo kwa wachinyamata wofuna mipikisano, wushu inaikidwa pa masewero a Youth Olympic Games a 2026 ku Dakar, m'dziko la Senegal, choncho funsani ngati sukuluyo ili m'bungwe lililonse lolumikizana ndi International Wushu Federation, lomwe linayamba mu 1990.

Kalasi ikatha, mphunzitsi akamatolera zida, pitani kwa wophunzira amene akuoneka kuti ndi wakalekale. Mufunseni kuti wakhalapo zaka zingati, anzake amene anayamba nawo limodzi atsala angati, ndipo enawo anachokeranji.