Kaundula wa deta akakhala chete, kodi ndiye kuti zili bwino?

M'mabungwe ambiri deta yachuluka moti palibenso amene angasunge m'mutu kuti tebulo lakuti lili pati, mwini wake ndani, ndipo malipoti amene amatungapo manambala ndi ati. N'chifukwa chake amakhazikitsa data catalog, kaundula wolemba zonsezi pamalo amodzi. Ena amagula Collibra, Alation kapena Microsoft Purview. Ena amatenga aulere monga OpenMetadata, kapena DataHub amene anayambira ku LinkedIn. Ambiri mwa makaundulawa amatha kutumiza uthenga pa imelo, pa Slack kapena pa Microsoft Teams chinthu chikasintha. Pa mauthenga ochenjeza amenewa pali zikhulupiriro zingapo zimene anthu anzeru zawo amagwiritsa, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa poyamba zimamveka zoona.

Chimene chimamveka kawirikawiri n'chakuti, "Tingoyatsa zonse kuti pasatidutse kanthu." Wonena zimenezi ndi munthu wosamala, mwina anapsapo kale. Koma taonani zimene zimachitika. Wina akakonza kalembedwe ka mawu amodzi m'malongosoledwe a tebulo, uthenga. Wina akaika chizindikiro chatsopano, uthenga. Kompyuta ikazungulira usiku kuwerenga matebulo, m'mawa mupeza mauthenga mbwee. Sabata yoyamba aliyense amawerenga. Yachiwiri amangoona mitu yokha. Ikamafika yachitatu, wina wapanga kale foda yoti imelo zonsezo zizilowa zokha osazitsegula. Ndiye tsiku limene munthu wafufuta danga la dzina la boma m'tebulo limene lipoti la opereka thandizo limadalira, uthenga wake umakagona m'foda yomweyo, ndipo lipoti limatuluka lili ndi malo opanda kanthu. N'chimodzimodzi ndi alamu ya galimoto imene imalira nthawi zonse pamalo oimikapo magalimoto: anthu amaizolowera, wakuba akabweradi palibe amatembenuka.

Zoona zake n'zakuti mauthenga ochepa osankhidwa bwino amateteza kuposa ambirimbiri. Mu OpenMetadata, mwachitsanzo, mumasankha chinthu choti chiyang'aniridwe, kusintha kwa mtundu wanji, ndi kumene uthenga upite. Pa AWS Glue, kusintha kwa tebulo kumadutsa ku EventBridge, kumene mumalemba lamulo losefa zoti zikufikeni. Ine ndimati zoyenera kudzutsa munthu ndi zimene zimaononga ntchito ya mnzake: tebulo lafufutidwa, danga lachotsedwa kapena lasinthidwa dzina, mwini tebulo wasintha, kapena chizindikiro chosonyeza kuti muli zinsinsi za anthu chachotsedwa. Zotsalazo zikhoza kudikira chidule cha kumapeto kwa sabata.

Chikhulupiriro chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi china: chakuti uthenga ukapanda kubwera ndiye kuti palibe chalakwika. Kaundula sasunga deta yeniyeniyo. Amasunga mbiri yake, monga mayina a matebulo, madanga ake ndi eni ake, ndipo nthawi zambiri amaidziwa pochita kukayendera nkhokwe za deta pa nthawi imene mwamuikira. Ngati amayendera kamodzi usiku, zosintha za m'mawa mudzazimva mawa. Ngati pasiwedi imene amalowera yatha ntchito, sayenderanso, ndipo amangokhala duu ngati zonse zili m'malo. Ndiye chenjezo loyamba kuliyatsa likhale lokuuzani kuti kaundulayo walephera kuyendera.

Palinso kusintha kumene sikukhudza maonekedwe a tebulo n'komwe. Pa 1 January 2013, dziko la Zambia linachotsa maziro atatu pa ndalama yake, K1,000 yakale n'kukhala K1. Ganizirani tebulo la mitengo ya chimanga limene danga lake langolembedwa kuti "mtengo". Dzina silinasinthe, m'dangamo mukadali manambala, koma wowerengetsa mtengo wa zaka zingapo osadziwa zimenezi apeza zabodza. Kuno kwathu madera a aphungu anachoka pa 193 kufika pa 229 pa chisankho cha 2025, ndipo tebulo lililonse lolumikiza deta ndi dera la phungu linafunika kuunikidwanso, ngakhale madanga ake anali omwewo.

Ku England zinachitika zoopsa kuposa apa. Pakati pa 25 September ndi 2 October 2020, anthu 15,841 amene anapezeka ndi Covid-19 sanalowe m'chiwerengero cha tsiku ndi tsiku, chifukwa zotsatira za kuyezetsa zinkadutsa m'fayilo ya Excel ya mtundu wakale imene simapyola mizere 65,536. Mizere yopitirira inkangotayika mwakachetechete, ndipo ntchito yofufuza amene anakhudzana ndi odwalawo inachedwa. Chenjezo la kusintha kwa madanga silikanagwira vuto ngati limeneli. Chimene chimaligwira ndi mayeso a deta yeniyeniyo: kodi mizere yalowa lero ikufanana ndi imene inatumizidwa, kodi manambala sanalumphe modabwitsa, kodi deta yafika pa nthawi yake? Makaundula ena ali ndi mayeso otere, koma sadziyatsa okha. HDX, nkhokwe ya deta ya ntchito zothandiza anthu pa ngozi imene bungwe la OCHA linatsegula mu 2014, imafunsa woika deta kuti azidzaikonzanso pakapita nthawi yaitali bwanji, ndipo nthawiyo ikapyola imamukumbutsa. Kumeneko kusasintha kwa deta ndiye nkhani yochenjeza.

Ena amati zonsezi n'za a IT. Iwo ndi amene amalumikiza makinawo, inde, koma sangadziwe kuti danga lakuti ndi limene wowerengera ndalama amadalira pa malipiro a mwezi. Amadziwa ndi wogwiritsa ntchito detayo. Uthenga wotumizidwa ku gulu lonse aliyense amati mnzanga wauona, choncho tebulo lililonse lofunika likhale ndi mwini wodziwika dzina, ndi womuimirira akapita kutchuthi.

Nanga aja amaopa kuti mauthengawa ndi ukazitape wa abwana? Mantha awo ali ndi maziko, pakuti kaundula amalembadi kuti wasintha chakuti ndi uje, nthawi yakuti. Bwana akamagwiritsa ntchito zimenezi pokalipira anthu pagulu, antchito amasiya kukonza zolakwika zimene aziona, poopa kuti dzina lawo lituluka. Pamenepo bungwe laluza. Auzeni antchito poyera zimene zimalembedwa ndi amene amaziona, ndipo uthenga ukabwera funso likhale lakuti kusinthaku kukhudza ndani, tiwadziwitse msanga.

Ngati kuntchito kwanu kuli kaundula wotere, sankhani matebulo atatu amene akasokonekera ntchito imaima. Lembani eni ake, muyatse machenjezo a kufufutidwa, a kusintha kwa madanga ndi a kuchedwa kwa deta. Kenako pangani tebulo loyeserera, mulisinthe dala, muone ngati uthengawo wafikadi kwa munthu amene angachitepo kanthu. Ukapanda kufika, konzani zimenezo musanayatse china chilichonse.