Kodi mumadziwa? Chimene chimabweza ankhonya okalamba m'bwalo

Kodi mumadziwa kuti Lottie "Gunduzani" Mwale, wankhonya wa ku Zambia, anayesa kulanda lamba wa dziko lonse, ndipo patadutsa zaka zoposa 11 anali akumenyabe nkhonya? Mu 1980 anakaswana ndi Matthew Saad Muhammad ku San Diego, nagwa mu raundi yachinayi. Mu 1992, atatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 40, anakumana ndi Virgil Hill ku America komweko, ndipo nkhondo inatheranso mu raundi yachinayi. Madala a m'makomboni a Lilanda, George ndi Matero, amene ankazinga wailesi Gunduzani akamamenya, amakumbukabe mendulo yake yagolide ya ku Christchurch mu 1974 ndi lamba wa Commonwealth wa mu 1979. Anamwalira mu 2005 ali ndi zaka 53, atavutika ndi matenda onjenjemeretsa thupi a Parkinson.

Kodi mumadziwa kuti ankhonya ambiri okalamba amabwerera m'bwalo chifukwa cha ndalama? Nkhonya ilibe penshoni. Joe Louis anasiya mu 1949 lamba ali naye, koma ngongole ya msonkho inamubweza chaka chotsatira, ndipo mu 1951 Rocky Marciano anamugwetsera kunja kwa zingwe.

Nanga mumadziwa kuti thupi limanamiza mwini wake? Mphamvu ya chibakera imachedwa kutha. Zimene zimayamba kuthawa ndi liwiro, mpweya ndi miyendo. Mdala akamamenya thumba la mchenga lopachikidwa pamtengo kuseri kwa nyumba, chingwe chikulira, anyamata akukuwa kuti "mukadalimo, mdala!", amamva ngati akadali wa zaka 25. Komatu thumba silibwezera. Akalowa m'bwalo, chibakera cha mnyamata amachiona chikubwera, koma mutu umachedwa kuzinda, ndipo ubongo umene wagwedezeka kwa zaka zambiri sulimbanso ngati kale.

Palinso ludzu la m'manja ndi nthungululu. Munthu amene khamu linkaimba dzina lake zimamuwawa kukwera minibasi ya ku Lilanda popanda womuzindikira. Muhammad Ali anabwerera mu 1980 ali ndi zaka 38, Larry Holmes namuphwanya mpaka anthu ake anaimitsa nkhonyayo. Anamenyanso mu 1981, ndipo mu 1984 madokotala anamupeza ndi Parkinson.

Kodi mumadziwa kuti amene amawapatsa mtima ambiri ndi George Foreman? Anasiya mu 1977, nabwerera mu 1987 pofuna ndalama zoyendetsera malo a achinyamata ku Houston. Mu 1994, ali ndi zaka 45, anagwetsa Michael Moorer n'kutenganso lamba. Zoterezi n'zakamodzikamodzi. Mike Tyson anayesa mu 2024 ali ndi zaka 58, ndipo Jake Paul wa zaka 27 anamuposa pamapointi.

Ife oonera tili ndi mbali yathu, chifukwa ndife timagula matikiti ndi kuwakuwizira. Bungwe la Zambia Professional Boxing and Wrestling Control Board lisalole wachikulire kukwera m'bwalo asanapimidwe mutu, ndipo akatswiri athu akale apatsidwe ntchito yophunzitsa ana m'makomboni. Inunso, ngati kwanu kuli mdala amene wayambanso kuthamanga m'mamawa n'kumakamba za nkhonya "imodzi yomaliza", musamuwombere m'manja. Khalani naye pansi mumulangize.